Nyerere Zinati Ndi Shuga, Magazi Anakana

Moni nonse abale ndi alongo anga mwa Ambuye, inu a mphakati wathu ndi inu akutali amene mawu awa akupezani. Ine ndine amake Tadala, mlimi wa mtedza wa kumapiri kuseri kwa Bowe. Amene munandiona ndikuyenda ngati bakha, ndodo patsogolo chiuno m'mbuyo, mukudziwa kale kuti miyendo inandikana. Chimene ambiri simukudziwa n'chakuti matenda amene tinkalimbana nawo pakhomo pathu sanali matenda amene ndinkadwala. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandiimikiranso pa miyendo yanga, ndipo ndinena zonse osabisa kanthu.

Ine ndi amuna anga, bambo a Tadala, timamwa ma ARV. Tamwa kwa zaka zambiri ndipo sindichita nazo manyazi, poti ndi mankhwala omwewo amene anatilola kulera ana athu mpaka kunyamula zidzukulu. Ndinali mayi wa mphamvu zake ine. Dengu la mtedza ndinkalisenza ndekha kutsika nalo phiri, ndipo pogalauza amuna anga ankatsala m'mbuyo n'kumanamizira khasu kuti lagwa mpini. Ndiye ludzu litayamba kundivuta, kumwa madzi osakhuta, kupita kukataya madzi pafupipafupi, sindinalabadire. Ndinati ndi dzuwa. Kenako chiuno chinayamba kuwawa, nthiti zinatsatira, mpaka miyendo inayamba kulemera podzuka pamphasa. Ndinati ndi nyamakazi, ukalamba wafika.

Zinthu zinasintha tsiku limene alamu anga a Naphiri, alongo awo a amuna anga, analowa m'bafa mwathu. Iwo amadwala shuga weniweni, wowapeza kuchipatala, ndipo m'mudzi mwathu aliyense wofuna kudziwa za shuga amafunsa iwo. Anatuluka m'bafamo nkhope itasintha, n'kundikokera kuseri kwa mpanda. Pamwala pamene ndinkakonda kutaya madzi panali nyerere zakuda bii, mzere wake kuchokera kuchulu.

“Alamu, izi mwaziona liti?” anandifunsa.

“Ndi nyerere basi, alamu. Zimayenda paliponse.”

“Nyerere sizinama. Bweretsani zitini ziwiri.”

Kwathu kuno ndimo mmene timayezera shuga. Ine ndinakodza m'chitini china, amuna anga m'chinzake, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu akuchititsidwa zachibwana. Tinaziika pamthunzi kuseri kwa nkhokwe. Dzuwa lisanapendeke chitini changa chinali chitazingidwa, pamene cha amuna anga nyerere zinkangochilambalala. Mlandu unathera pomwepo. A Naphiri anagwira chibwano n'kunena kuti ndalowa m'gulu lawo, ndipo panalibe wotsutsa, ngakhale ine mwini wake amene ndimakonda kutsutsa.

Kuyambira tsiku limenelo alamu anga anakhala woyang'anira mbale yanga, ndipo ankachita izi chifukwa cha chikondi. Tiyi wa shuga anandiletsa. Mbatata, nthochi, nzimbe, thobwa, mango, zonse zinakhala za anthu ena. Ndinkadya kamtanda ka mgaiwa ndi masamba owiritsa, m'mawa n'kumwa madzi a nimu owawa mpaka m'makutu. Ndinamvera zonse mosaphonya. Koma m'malo mochira ndinkangotha. Chitenje chinayamba kundizungulira kawiri, ndipo mafupa ankawawa ngakhale potsokomola. Kuti ndiimirire ndinkayamba ndakwawa kufika pakhoma.

Mwina mufunsa kuti nanga kuchipatala kumene mumalandira mankhwala sanaone? Akanaona bwanji ine osapitako? Msewu wa kwathu ndi wa zitunda ndi zigwa, ndiye miyendo itayamba kuvuta amuna anga ankapita okha kukatenga mabotolo a tonse awiri. Akawafunsa kuti amayi ali bwanji, iwo ankayankha mwaulemu kuti ali bwino, kungoti kanyamakazi. Za shuga sankatchula, poti ankati imeneyo taigwira kale kunyumba, si nkhani ya kuwindo la ma ARV. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndinkatuma munthu kukanena za thupi limene sankagonamo.

Zinafika pa mwana wakana phala nthawi yokumba mtedza. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, mtedza wanga unakumbidwa ine ndili chigonere pakhonde. Anthu anayamba kunong'ona kuti mankhwala atopa nane. A mphakati ankabwera kudzandiona atavala nkhope za pamaliro, nyimbo zawonso zinali zomwe timayimba poperekeza munthu, mpaka tsiku lina ndinawauza kuti asinthe nyimbo, ine ndikadali pano. Anaseka, koma atapita ndinalira kwambiri. Ndinkaopa. Imfa sindinkaiopa kwenikweni ayi, koma kukhala zaka ndili chigonere, mwana wanga Tadala kusiya banja lake kudzanditembenuza pamphasa, chimenecho chinkandidya mumtima. Bambo Mfumu atabwera kudzandidzoza mafuta a odwala, ndinapemphera pemphero lalifupi ndi lamwano pang'ono. Ndinati, “Ambuye, ngati miyendo iyi mwaitenga, itengeni. Koma mundiuze dzina la chimene chikundidya, chifukwa zonse zimene andiuza ndachita ndipo sizikugwira.”

Yankho linabwera, koma linadzera njira imene ine sindikanaisankha. A Naphiri ataona kuti nimu walephera anabwera ndi mapiritsi awo a shuga atawamanga pansonga ya chitenje. Anati tizigawana, iwo theka ine theka, monga timagawirana mchere ndi moto. Kwathu kupatsana mankhwala si chachilendo. Wodwala mutu amapempha kwa mnzake, ndipo womana amatchedwa woipa mtima. Ndinamwa masiku angapo, ndikumva njala yachilendo ndi kunjenjemera, iwo n'kumati ndi mankhwala akugwira ntchito. Tsiku lina m'mawa ndinamwa piritsi m'mimba mulibe kanthu, n'kukhala pakhonde kumathothola mtedza ndi manja, poti manja okha ndi amene anali atanditsalira. Thukuta lozizira linanditsika, lilime linalemera, ndinaona mulu wa mtedza ukupita kutali. Zotsatira ndinachita kuuzidwa.

Akuti anandikweza pangolo ya ng'ombe, alamu anga atandigoneka pamiyendo pawo, amuna anga akukwapula ng'ombe zimene chigulire sanazimenyepo. Pachipatala chaching'ono namwino anandibaya chala, n'kuyang'ana kamakina kake, ndipo nthawi yomweyo anathamangira jakisoni wamkulu wa madzi a shuga. A Naphiri atamva kuti ndi shuga anagwira dzanja la namwinoyo.

“Mukupha munthu inu! Ameneyu ndi wa shuga!”

“Amayi, ndisiyeni. Shuga wawo watsika mpaka pansi. Amwa chiyani?”

Alamu anga anamasula nsonga ya chitenje n'kumuonetsa mapiritsi aja. Namwino sanakalipe. Anangolowetsa madzi a shuga aja mumtsempha, ndipo akuti posakhalitsa ndinatsegula maso n'kufunsa amene wasiya mtedza wanga padzuwa kuti nkhuku zidye. Tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala chachikulu, chifukwa mapiritsi aja amakhalitsa m'thupi ndipo shuga ankatha kutsikanso.

Kumeneko ndi kumene Mulungu anandikonzera munthu wake. Anali dokotala wachitsikana, msinkhu wa Tadala wanga, wolankhula pang'onopang'ono koma wa mafunso osatha. Mphamvu ya mapiritsi itatha anayamba kundiyeza magazi, m'mawa ndisanadye ndi masana nditadya, ndipo shuga wa m'magazi anali bwinobwino ngati wa munthu aliyense. Koma akayeza mkodzo ankapeza shuga wambiri. Sanathamangire kunena kanthu. Anandidina nthiti ndi miyendo, ine n'kukuwa, anandiuza kuti ndiyese kudzuka pampando osagwira paliponse, ine n'kulephera. Anafunsa mtundu wa ma ARV anga ndi zaka zimene ndamwa, anatenganso magazi ena oti akaone impso ndi mchere wa m'thupi. Zotsatira zitabwera anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, amuna anga ali chiimire.

“Amayi, matenda a shuga mulibe,” anatero.

“Nanga nyerere?” anafunsa amuna anga.

“Nyerere zinanena zoona kuti mumkodzo muli shuga. Koma sizinakuuzeni kuti wafikamo bwanji.”

Zimene anatifotokozera ndinazigwira bwino, ndipo ndikufuna nanunso muzimve. Anati impso zikamatsuka magazi sizisankha poyamba. Zimasefa madzi ambiri pamodzi ndi zabwino zomwe: shuga, mchere wolimbitsa mafupa, ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta zakudya zomanga thupi, timene timachokera ku mtedza, nyemba ndi usipa. Zonsezi zimalowa m'timachubu tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, topita kumkodzo. Koma makoma a timachubuti ndi omangidwa ndi tizipinda tamoyo timene amati maselo, ndipo pakhungu la selo lililonse pali timakomo tosiyanasiyana. Khomo lina limadziwa shuga yekha, ndipo limamukoka pamodzi ndi mchere kumubwezera m'magazi. Lina limatola tizidutswa tomanga thupi tija, lina mchere wa mafupa. Anandifunsa ngati ndimakunkha mtedza tikatha kukumba. Ndinati ndani sakunkha, mtedza wambiri umatsala m'nthaka. Anati basi, impso nazo zimayamba zataya kenako n'kubwerera kukakunkha, ndipo mwa munthu wabwinobwino zimakunkha shuga yense osasiya ndi pang'ono pomwe.

Anapitiriza kuti kumbali ina ya maselo omwewo, mbali yoyang'ana kumagazi, kuli timakomo tina togwira ntchito yotulutsa. Timeneti timakoka asidi amene thupi limapanga ndi zotsalira za mankhwala amene timamwa, kuti zikatayidwe mumkodzo. Mankhwala amodzi mwa amene ali m'piritsi langa la ma ARV amadutsa pakhomo limeneli. Mwa anthu ambiri amalowa n'kutuluka osawononga kanthu, koma mwa anthu ochepa amaunjikana m'kati mwa selo n'kulifooketsa. Selo likafooka, timakomo tokunkha tija timasiya ntchito. Ndiye shuga wanga, chakudya changa ndi mchere wa mafupa anga zinkangopita ndi mkodzo tsiku ndi tsiku. Mafupa anafewa chifukwa mchere wake unkathera kubafa. Ndipo ife, poona thupi likutaya chakudya, tinalimana chakudya chomwe chinatsalacho.

Abale anga, ndinaseka misozi ikutuluka. Ndinapempha dzina la matenda, ndipo Mulungu anandipatsa dzina, njira yake ndi khomo lake lomwe. Mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo ndisanamwe mankhwala alionse. Amuna anga ndi amene anatekeseka.

“Ndiye kuti mankhwalawa ndi poizoni. Tonse tisiye basi,” anatero.

“Ayi bambo, mukasiya ndiye mwadziitanira mavuto enieni,” anayankha dokotala uja. “Inu mwamwa omwewa zaka zomwezi, ndipo tikuyezani, koma mukuoneka kuti mukulima. Amayiwa tiwasinthira mtundu wina wosavutitsa impso. Ma ARV sasiya, amangosintha.”

Anawayezadi, ndipo impso zawo zinapezeka zili bwino. Ine anandisinthira mankhwala, n'kundipatsanso ena obwezeretsa mchere wa mafupa. Anandilamula kuti ndizidya: mtedza, mazira, usipa, mkaka ukapezeka, mbatata ndi nthochi zomwe. Kapu yoyamba ya tiyi wa shuga ndinamwera pabedi lachipatala, nditaigwira ndi manja awiri, ndipo ndinauza amuna anga kuti asandilankhulitse mpaka nditamaliza.

Sindikunamizani kuti ndinadumpha tsiku lomwelo. Ananditulutsa ndikadali pandodo, ndipo dokotala ananeneratu kuti mafupa amachira mochedwa, mwinanso impso sizidzabwerera mwakale kwathunthu. Ludzu ndilo linayamba kuchepa. Kenako ndinapeza kuti ndikutembenuka pamphasa osakuwa. Nthawi ya dzuwa itafika ndinkafika kuchitsime, ngakhale popanda ndowa, kungopita kukamva nkhani. Mvula yoyamba itagwa ndinatenga kambale ka mbewu n'kubzala mizere ingapo ya pafupi ndi nyumba, amuna anga akundilondola m'mbuyo ngati ndine mwana wophunzira kuyenda. Panali masiku ena amene ululu unkabwerera ndipo ndinkakwiya ndi aliyense, Mulungu yemwe. Koma sindinaphonye mankhwala, ndipo kuchipatala tsopano ndimapita ndekha, thupi langa ndimalinenera ndekha, mkodzo ndi magazi amayeza ine ndili pomwepo.

Chimene chinatsala chosachira chinali pakati pa ine ndi alamu anga. A Naphiri anasiya kuponda pakhomo pathu. Akandiona kutchalitchi ankakhala benchi lakutali, ndikawatumizira mtedza ankabweza mbale kudzera mwa anthu. Ndinamva kuti akuuza anzawo kuti anatsala pang'ono kupha mkazi wa mlongo wawo ndipo alibe nkhope yondionera. Zinkandipweteka, chifukwa ine ndinkadziwa kuti mayi ameneyu ankadzimana mapiritsi ake, shuga wake n'kumakwera, kuti ine ndichire. Analakwitsa, inde, ndipo tonse tinalakwitsa nawo limodzi. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo tinadya banja lonse. Koma pangolo paja ndinagona pamiyendo pawo, ndipo ndi ngolo imeneyo imene inandifikitsa kwa munthu wodziwa dzina la matenda anga.

Choncho ndikuthokoza Mulungu amene amatha kutenga kulakwitsa kwathu n'kukusandutsa msewu. Ndikuthokoza namwino amene sanamvere kukuwa kwathu, dokotala amene sanatope kufunsa, ndi inu a mphakati amene munasinthadi nyimbo. Kwa inu amene muli pamphasa lero, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala lalifupi ndi lokwiya ngati langa. Mukaona nyerere pamkodzo pitani mukayezetse magazi, chifukwa shuga wa mumkodzo ali ndi njira zingapo zofikiramo. Mapiritsi a mnzanu ndi a thupi la mnzanu, musagawane ngakhale mumakondana chotani. Inu amene mumamwa ma ARV musasiye chifukwa cha nkhani yangayi. Anthu ambiri amamwa popanda vuto, ndipo vuto likabwera mankhwala ena alipo. Mafupa akamawawa, ludzu likakula, kanenereni nokha, ngakhale atachita kukunyamulani. Mulungu amene anaika timakomo tosaoneka m'impso zanu, tokunkha chakudya chanu usana ndi usiku inu osadziwa, sangalephere kukuonani inu athunthu.

Lachisanu Loyera lapitali, Akhristu a tchalitchi chathu tinachita Njira ya Mtanda kukwera phiri la kuseri kwa sukulu, monga timachitira chaka ndi chaka. Amuna anga anandiletsa, ine ndinavala nsapato. Ndiye anatenga njinga n'kumaikankha m'mbuyo mwanga, ati ndikagwa andikwezepo. Ndinakwera phiri lonse ndi miyendo yanga, popanda ndodo. Paliponse poima ndinagwada pamiyala pamodzi ndi anzanga, n'kudzuka ndekha osagwira munthu. Pamwamba, anthu akuyamba kutsika, ndinaona a Naphiri atakhala pamwala, akupuma movutika, mapazi atatupa, poti shuga wawo wawafooketsa chaka chino. Anayesa kuyang'ana kumbali. Ndinapita n'kuima patsogolo pawo.

“Alamu, dzukani tizipita.”

“Pitani alamu, ine ndibwera pang'onopang'ono.”

“Gwirani phewa ili. Lalimba, ndaliyesa.”

Anaika dzanja paphewa panga n'kuimirira. Anali olemera ndithu, ndipo njira inali yoterera. Tinatsika phiri lonse iwo atanditsamira, tonse awiri tikulira, amuna anga akubwera m'mbuyo ndi njinga yopanda munthu. Ambuye alemekezeke.